Ma tulip anga angotulutsa masamba okhaokha, vuto lili pati?

Chaka chilichonse ikangofika Epulo foni yanga imadzadza ndi zithunzi za masamba. Anzanga ochokera kumudzi amene tili kuno kumpoto kwa England amanditumizira pa WhatsApp, funso lake limodzimodzi, "asisi taonani, ma tulip aja chaka chatha anachita maluwa mpaka anthu odutsa kumaima pageti, pano angotulutsa tsamba limodzi lalikulu basi, ndalakwitsa pati?" Ndayankha kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba zonse malo amodzi. Inenso zinandichitikira zaka zitatu zotsatizana ndisanamvetse, ndipo zimawawa ndithu, munthu wagwada m'dothi lozizira mu Novembala zala zitachita dzanzi, wadikira miyezi isanu yathunthu, kenako osaona duwa olo limodzi.

Tiyambire pa chinthu timakwirira m'dothicho, chooneka ngati anyezi chija, kuno amati bulb. Mukagula bulb yaikulu bwino nkuidula pakati ndi mpeni mupeza kaduwa kali kale mkatimo, timasamba ndi kaphesi komwe, zonse zokonzeka. Kutanthauza kuti maluwa a chaka choyamba aja ndi ntchito ya mlimi wa ku Netherlands amene anailera bulb imeneyo, kumaidula maluwa akangotseguka kuti mphamvu yonse ibwerere pansi. Ife timangoipatsa malo. Nde ikachita maluwa, bulb munadzala ija imatha, imayamwidwa yonse kutsala makoko okha. Zili ngati nthochi, mayi akabereka mkoko ndiye kuti zake zatha, otsala ndi ana am'mbali. Tulip nayenso amasiya ana, wina wokulirapo ena ting'onoting'ono ngati tizidutswa ta adyo, ndipo mwana amene sanakule mokwanira sangachite duwa, amangotulutsa tsamba limodzi lotambalala lija. Mukaona tsamba limenelo dziwani kuti pansi pali moyo, kungoti mwanayo sanadye mokwanira chaka chatha.

Tsono chifukwa chani ana aja sakula? Ambiri timaganiza kuti kwawo kwa tulip ndi ku Holland, komwe ndi ku Netherlands kuja, koma kwawo kwenikweni ndi kumapiri a pakati pa Asia, Tien Shan ndi Pamir, cha ku Kazakhstan, Kyrgyzstan ndi Tajikistan uko, mpaka kukafika ku Iran ndi Turkey. Kumeneko kumazizira koopsa kwa miyezi, chipale chikasungunuka madzi amapezeka masabata ochepa chabe, duwa limatuluka mwachangu, kenako dzuwa limaswa mtengo, nthaka kuuma gwa ngati Okutobala wa ku Nsanje, bulb ili chigonere pansi pa miyala. Anthu a ku Turkey ndi amene anawalima mwaluso m'minda ya mafumu awo ku Istanbul, iwowo amati lale, dzina loti tulip linachokera ku mawu otanthauza nduwira yakumutu. Ku Ulaya anafika m'zaka za m'ma 1500, katswiri wa zomera Conrad Gessner analemba za tulip amene anamuona ku Augsburg ku Germany mu 1559, kenako katswiri wina Carolus Clusius anadzala ake m'munda wa yunivesite ya Leiden ku Netherlands mu 1593 nkuchita maluwa chaka chotsatira. Chomwe chinawathandiza achi Dutch, anthu a ku Netherlands, ndi dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja pakati pa Haarlem ndi Leiden, madzi sakhalitsa, komanso chaka chilichonse amakumba ma bulb nkuwaumitsa. Ngakhale ku Keukenhof ku Lisse, munda umene anthu amakajambulitsako uja, ma bulb pafupifupi 7 miliyoni amadzalidwa mwatsopano chaka ndi chaka, sizoni ikatha amazula.

Nde yerekezerani ndi kuseli kwa nyumba zathu ku Leeds, ku Manchester kapena ku Glasgow. Dothi lamakande lomata ku nsapato, mvula mu Julayi, mvula mu Ogasiti, mpanda wa anebo ukutchinga dzuwa. Kuzizira kulipo kokwanira, pamenepo tilibe vuto, koma kuuma kuja kulibe. Mavuto ambiri ndikambe apa akuchokera pamenepo.

Masamba alipo, maluwa palibe

Funso loyamba lomwe ndimafunsa aliyense ndi loti, maluwa atatha chaka chatha masamba munawatani? Ambiri amati ndinadula, amaoneka zauve. Inenso ndimadula. Ife tinaleredwa kuti pakhomo pazikhala posesa, chinthu chikayamba kufota chichoke, nde masamba a tulip akamagwa pansi nkumachita chikasu manja amayabwa kuti ndichotse. Mayi wina wachikulire woyandikana nane nyumba ndi amene anandiletsa atandiona ndi sizasi, anandifotokozera kuti masabata amenewo ndi amene bulb yatsopano ikudya. Masamba aja ndiye khitchini yake. Asiyeni masabata osachepera 6 chithere maluwa, mpaka achite chikasu nkumathothoka okha mukangokoka pang'ono. Osawamanga mfundo, osawamanga ndi labala ngati tsitsi, chifukwa dzuwa silifika bwino pa tsamba lopindidwa. Ngati akukuipirani m'maso dzalani china kutsogolo kwake chowabisa.

Chomwe mukuyenera kuchotsa ndi kamutu kobiriwira kamene kamatsala pamwamba duwa likayoyoka, mmene mumapangika njere muja. Kathyoleni ndi zala, phesi lisiyeni. Mukakasiya, mbewu imatumiza chakudya ku njere, chikhalireni njere ya tulip imatenga zaka zisanu kapena kuposa kuti idzachite duwa, palibe wa ife amene akudikira zimenezo. Timasamba ta duwa togwa pansi titoleni, timabweretsa matenda amene ndikambe pansipa.

Kenako chakudya. Feteleza wamadzi amene timathirira tomato uja ndi wabwino chifukwa ali ndi potaziyamu wambiri, sungunulani mmene alembera pabotolo, muzithira kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri kuyambira pamene maluwa akutha mpaka masamba ayambe chikasu. Osaganiza zobereketsa ngati chimanga, feteleza wa nayitrojeni wambiri amangonenepetsa masamba. Ndowe zaziwisi za nkhuku kapena za hatchi ayi, zimaoletsa.

Kuya kwa dzenje ndi nkhani inanso yomwe anthu amaiderera. Papaketi amalemba kuti kuya kukhale katatu msinkhu wa bulb, zomwe ndi masentimita 15 kapena kuposerapo, koma ine ndimafika 20, pena kupyola pang'ono ngati dothi lili lotayana. Ngati mulibe choyezera, lowetsani dzanja, nsonga ya chala chapakati ikhudze pansi, kukamwa kwa dzenje kufike pamene mumavala wotchi. Bulb yokwiriridwa pamwamba imamva kutentha ndi kunyowa kulikonse, nde imakonda kugawikana tiana tambirimbiri topanda ntchito, pamene yakuya imasunga mwana mmodzi wamkulu. Ndikudziwa kuti kukumba makande ozizira ndi chintchito, makamaka ngati muli ndi ma bulb 50, bola kukumba chidzenje chimodzi chachikulu ndi fosholo nkuwayala momwemo motalikirana ngati chikhatho, nsonga kuloza kumwamba.

Koma chomwe chimatipweteka kwambiri ife akumudzi ndi ichi. Ma tulip akatha mu Meyi, malo omwewo timadzalapo maungu kuti tidye nkhwani, kapena mpiru, repu, nyemba za khwanya, chifukwa kadimba nkakang'ono ndipo mtima umafuna ndiwo zakwathu. Palibe cholakwika ndi nkhwani, inenso ndimalima chaka chilichonse. Vuto ndi loti maungu timathirira tsiku ndi tsiku Juni mpaka Seputembala, pomwe pansi pake pali ma bulb ofuna kugona pouma. Amaola, otsalawo amafooka. Nde sankhani chimodzi. Kaya ma tulip muwapatse malo awoawo pomwe simuthirira, m'mbali mwa khoma loyang'ana kummwera ndiye pabwino chifukwa kuno dzuwa limadzera kummwera, kaya muwakumbe masamba akauma. Mukakumba sasani dothi, ayanikeni pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo, muwaike m'kathumba kaukonde kamene timagulira malalanje kaja, nkupachika mu shedi. M'pulasitiki ayi, amachita thukuta nkuchita nkhungu. Pofika Novembala musankhe akuluakulu okha ndi amene mudzale pooneka, ting'onoting'ono mukatifuna tidzaleni pamzere kuseli tikule kaye chaka chimodzi kapena ziwiri.

Pena vuto si inu, ndi mtundu munagulawo

Izi ndikanakonda wina akanandiuza kale. Ma tulip anawagawa m'magulu 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo si onse amene amabwereranso olo mutawasamala chotani. Aja amanyirimanyiri ngati nthenga za mbalame amati Parrot, aja odzadza ngati rozi monga Angelique, aja amphonje m'mphepete, ndi okongola zedi koma ambiri ndi a chaka chimodzi, chachiwiri mwina theka, chachitatu masamba. Mukawagula muziwatenga ngati maluwa a sizoni imodzi, muwaike m'mapoti pakhomo, musangalale nawo, basi.

Ngati mukufuna oti mudzale kamodzi azibwera okha, funani Darwin Hybrid. Amenewa anapangidwa ndi mlimi wachi Dutch D. W. Lefeber pokwatitsa ma tulip a Darwin ndi tulip wakutchire wotchedwa fosteriana, wodziwika kwambiri ndi Apeldoorn wofiira uja, wa m'ma 1950, palinso Golden Apeldoorn wachikasu ndi Pink Impression. Ndi aatali, amphamvu, duwa lalikulu ngati kapu. A gulu la Fosteriana monga Purissima woyera ndi Madame Lefeber wofiira nawonso amalimba ndipo amafulumira kuchita maluwa. Spring Green, woyera wokhala ndi mzere wobiriwira, ndi Ballerina wa olenji wonunkhira bwino, kwa ine akhala akubwerera. Queen of Night, uja wofiirira kwambiri mpaka kuoneka wakuda, anatuluka mu 1944 ndipo anthu amamukondabe mpaka pano, amayesetsa zaka zingapo ngati malo ali ouma.

Koma amene ndimawakonda kuposa onse ndi ang'onoang'ono akutchire aja, amene sanasinthidwe kwambiri chichokereni kumapiri. Tarda, wachikasu nsonga zoyera, amatseguka ngati nyenyezi dzuwa likawala. Turkestanica, praestans, clusiana amene dzina lake ndi la Clusius yemwe uja. Palinso Red Riding Hood wa gulu la Greigii, wamfupi, masamba ake amizeremizere okongola ngakhale duwa lisanatuluke. Amenewa sadzakupatsani chithunzi cha ku Keukenhof, koma akapeza malo adzuwa amiyalamiyala amachulukana okha. Anga ali m'mphepete mwa kanjira kamiyala ndipo sindinawakumbepo chidzalireni.

Palibe chomwe chatuluka, olo tsamba

Apa musangoganizira, tengani chokumbira mukaone. Zomwe mupeze pansipo ndi zimene zikuuzeni.

Mukapeza mulibe kanthu, mwina timakoko tabulauni pamwamba pa dothi ndi timaenje, amenewo ndi agologolo. Gologolo wotuwa wa kuno, amene anabwera kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1870, amakonda ma bulb a tulip ngati mtedza, amaona pamene dothi lagwedezedwa kumene ndipo amanunkhiza. Ine anandithera poti yathunthu usiku ndi m'mawa umodzi. Ndayesa tsabola wa ufa, amathandiza mpaka mvula igwe basi, ndipo kuno mvula sichedwa. Chomwe chimagwira ntchito ndi waya wa khola la nkhuku. Mukatha kudzala yalani waya pamwamba, kanikizani ndi njerwa kapena zikhomo, mudzachotse timasamba tikayamba kusuzumira cha mu Febuluwale. Pa poti pindani wayayo kuzungulira kukamwa. Komanso mukamadzala musasiye makoko a ma bulb pamtunda, tolani onse, fungo lake ndi lomwe limawaitana, ndipo pondani dothi lilimbe. Kudzala mozama kumathandizanso apa. Ngati agologolo akuchulukirani kwambiri, ma daffodil, maluwa achikasu aja a bulb, sawadya, mutha kudzala amenewo pamalo osatetezedwa, ma tulip nkukhala pomwe pali waya. Mbewa nazonso zimadya, makamaka amene mwasunga mu shedi, nchifukwa ndati mupachike.

Mukapeza bulb yofewa, yonunkha, mukaifinya ikutuluka madzi, ndiye kuti yaola ndi chinyontho. Yesani chonchi, kumbani dzenje muthiremo ndowa yamadzi, mukabwera patatha maola angapo madzi akadali chiimire, malo amenewo si a tulip. Mutha kusakaniza timiyala ting'onoting'ono tambiri ndi kompositi yowolerana m'dothi lonselo, kapena kukweza bedi ngati mmene timaunjikira mizere ya mbatata kudambo, madzi azitsikira m'mbali. Kungothira mchenga pang'ono pansi pa dzenje m'makande sikuthandiza kwenikweni, dzenjelo limasanduka kachitsime. Kwa amene tili m'nyumba za lendi, mapoti ndi osavuta, ukamasamuka umanyamula. Koma onetsetsani kuti poti ili ndi mabowo pansi, ikhazikeni pa njerwa, osaika mbale pansi pake nthawi yozizira, ndipo ikhale yakuya masentimita 30 kapena kuposa.

Pena vuto linayambira kushopu. Bulb yabwino imakhala yolimba ngati anyezi watsopano, yolemera m'dzanja. Yopepuka, yofewa, kapena yokhala ndi nkhungu yambiri isiyeni olo atatsitsa mtengo chotani. Khungu labulauni likasendeka pang'ono palibe vuto. Papaketi mukaona 11/12 kapena 12+ amenewo ndi masentimita kuzungulira mimba ya bulb, akuluwo ndi amene amapereka duwa lalikulu.

Masamba opiringizika ngati apsa ndi moto

Awa ndi matenda amene ndimawaopa. Kuno amati tulip fire, amayamba ndi nkhungu yotchedwa Botrytis tulipae. Mbewu imatuluka yopindikapindika, nsonga zofota ngati chiwawu, masamba madonthomadontho abulauni, kukanyowa pamamera nkhungu yotuwa, maluwa amene atseguka amakhala ndi timabala ngati adonthezeredwa madzi otentha. Kukakhala mvula ndi mphepo amafalikira bedi lonse m'masiku ochepa. Mankhwala opopera oti munthu wamba agule m'shopu kuno palibe, nde chochita ndi chimodzi, zulani mbewu yonse ndi bulb yake pamodzi ndi dothi loizungulira, muike m'thumba nkuponya m'bini ya zinyalala wamba. Pa kompositi ayi chonde, mudzabweza matendawo nokha. Malo amenewo musadzalepo tulip kwa zaka zitatu chifukwa nkhunguyo imatsala m'dothi. Ngati ndi poti, tayani dothi nkuitsuka bwinobwino.

Nchifukwa chake ma tulip timadzala mochedwa. Mashopu amayamba kugulitsa mu Ogasiti ndi Seputembala, munthu ukagula mtima umathamanga, koma nthawi imeneyo dothi likadali lofunda ndipo nkhungu ili yamphamvu. Gulani msanga kuti musankhe abwino, sungani pozizirira pouma, mudzale mu Novembala, olo kumayambiriro kwa Disembala ngati nthaka sinaume ndi chisanu. Osawapanikizanso, mphepo izidutsa pakati. Kungoti musasokoneze ndi mabala a matalala kapena chisanu, amenewo amakhala oyererako, sachita nkhungu ndipo safalikira, dikirani masiku awiri atatu muone musanazule.

Duwa linali lofiira, pano lili ndi mizere

Wina ananditumizira chithunzi mosangalala kuti tulip wake wasintha yekha, wofiirira uja watuluka ndi malawi oyera ngati wina wapenta ndi nthenga. Ndi wokongola zoona, koma amenewo ndi matenda a vairasi, amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, mofanana ndi mmene kadukutu amafalikira m'munda wa mtedza. Vairasiyo imasokoneza utoto wa pamwamba pa duwa nde mtundu wapansi, woyera kapena wachikasu, umaonekera. Bulb imafooka chaka ndi chaka, ana amachepa.

Matenda omwewa ndi amene anapengetsa anthu ku Netherlands m'zaka za m'ma 1630. Palibe ankadziwa chomwe chimabweretsa mizereyo, bulb wamba imatha kungosintha nkukhala yamtengo wapatali, ndipo chifukwa yodwala sichulukana msanga, amizere anali osowa. Wotchuka kwambiri anali Semper Augustus, woyera wamalawi ofiira, amene mtengo wake unkayerekezedwa ndi wa nyumba. Anthu amagulitsana mapepala a ma bulb akadali pansi m'dothi, m'malo omwera mowa, mpaka mu Febuluwale 1637 ku Haarlem ogula anangosowa, mitengo nkugwa. Akatswiri a mbiri masiku ano amati chuma cha dziko sichinagwe ngati mmene nkhani zimakokomezera, koma anthu anakanganadi pa ngongole. Semper Augustus yemweyo kulibenso, anatha. Zinatenga mpaka 1928 kuti Dorothy Cayley, wasayansi wa ku John Innes, malo ofufuzira za mbewu kuno ku England, aonetse kuti chobweretsa mizereyo chimapatsirana kuchoka pa bulb ina kupita pa ina.

Pafupi ndi kwathu kuno kuli bungwe la Wakefield and North of England Tulip Society, linayamba mu 1836, mamembala ake amasungabe ma tulip akale amizere amenewa ndipo pa chionetsero chawo mu Meyi duwa lililonse amaliika m'botolo la mowa labulauni. Iwowo amadziwa zomwe akuchita, amawasunga padera. Inu ndi ine m'kadimba kathu, tulip wa mtundu umodzi akasintha yekha, makamaka masambanso akakhala amawangamawanga, bola kumuzula asanapatsire ena, maluwa a lily nawonso amatenga. Dulani duwalo muike m'madzi m'nyumba, bulb itayeni. Koma amizere amene mumagula m'shopu lero monga Prinses Irene kapena Carnaval de Nice alibe matenda, mizereyo ndi chibadwa chawo, musawazule.

Duwa lafupika, kapena lauma lisanatseguke

Mukaona duwa latsegukira pansi penipeni pakati pa masamba, phesi osatalika, nthawi zambiri ndiye kuti bulb sinazizidwe mokwanira. Tulip amafuna masabata 12 mpaka 16 ozizira, madigiri 9 kutsika, kuti phesi litalike. Zimachitika mukadzala mochedwa kwambiri, kaya munaiwala paketi m'kabati mpaka Febuluwale, kapena munalowetsa poti m'nyumba pomvera chisoni kuti izizidwa panja. Musamvere chisoni, chisanu cha kuno sichiwapha, poti ikhale panja. Onaninso paketi, a Greigii ndi Kaufmanniana ndi afupi mwachibadwa.

Ngati kamutu kanatuluka koma kauma ngati pepala, ganizirani komwe munasunga ma bulb. Pafupi ndi hita kapena boila kaduwa kamkati kaja kamafa. Pafupi ndi maapozi, nthochi kapena tomato wakupsanso, zipatso zimatulutsa mpweya wa ethylene, womwe uja umapsetsa nthochi tikazivundika, ndipo umaononga duwa lili mkati. Chinanso ndi poti youma mu Malichi ndi Epulo, timaiwala kuthirira poganiza kuti mvula ikugwa, chikhalireni masamba atchinga ndipo mphepo yaumitsa. Pisani chala m'dothi, likakhala louma thirirani.

Abale a ku Joni amafunsanso. Kumeneko nyengo ndi yotembenuka, amagula ma bulb oziziritsidwa kale, amadzala cha mu Meyi usiku ukayamba kuzizira, maluwa nkubwera cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ambiri amangogula atsopano chaka chilichonse. Za kumudzi ndinena mosabisa, olo ku Dedza komwe Juni amaluma, masana dothi limafunda, kuzizira kwa masabata onse aja kosadukiza sikukwana. Mungafunike filiji yopanda zipatso kwa miyezi itatu, magetsi osazimazima, komanso chilolezo cha a zaulimi cholowetsera mbewu m'dziko, osangoponya m'sutikesi. Ndikanakhala ine ndikanalima maluwa ena okonda nyengo yathu.

Masamba akakhala obooka kapena tinsonga tadyedwa tikungotuluka, pali timizere tonyezimira, zimenezo ndi nkhono zopanda zigoba zija. Tulukani ndi tochi usiku muzitole, zimathandiza kuposa mmene mungaganizire. M'vazi, tulip amapitiriza kutalika ndipo amapindikira kowala, si matenda, ingodulani phesi pang'ono, madzi ozizira ochepa, kutali ndi hita. Osasakaniza ndi ma daffodil ongodula kumene, utomoni wawo umafotetsa tulip.

Chenjezo limodzi, makamaka kwa amene muli ndi ana kapena agogo abwera kudzacheza. Bulb ya tulip imafanana kwambiri ndi anyezi, musaisunge kukhitchini. Ndi zoona kuti nthawi ya njala ya 1944 mpaka 1945 ku Netherlands anthu anadya ma bulb amenewa pofuna kupulumuka, koma inali njala ya nkhondo, ndipo a m'shopu lero ambiri amathiridwa mankhwala. Amadwalitsa m'mimba, kwa agalu ndi amphaka ndi poizoni. Ena zala zimayabwa nkung'ambika kunsonga akagwira ma bulb ambiri, valani magolovesi, mukatha sambani m'manja musanagwire kumaso.

Ngati pano mwaima pa bedi la masamba okhaokha, musazule lero. Thirani feteleza wa tomato uja, asiyeni afote okha, zikani timitengo pomwe ali kuti musadzawabaye ndi fosholo, cha kumapeto kwa Juni mudzakumbe muone kukula kwa ana. Ine chaka chino maungu ndawasamutsira kumbuyo kwa shedi, khoma ladzuwa ndalisiyira ma tulip, ndipo waya wa nkhuku ndagula kale mita zitatu, uli pamwamba pa shedi kudikira Novembala.